Unyolo pa Chitseko cha Mkungudza

Adzukulu anga amandiseka kuti simenti ya m'nyumba mwanga ndi yotuwa ngati miyendo ya mwana wosasamba. Aseke. Polishi m'nyumba muno salowa, ngakhale wa m'sitolo wonunkhira maluwa uja. Mdzukulu wina anayesapo kusungunula makandulo m'chitini n'kuthiramo palafini, monga tinkachitira kale, akuti andikonzere nyumba pa Khirisimasi. Fungo litangondipeza kuseri kumene ndinkasankha nandolo, ndinapezeka ndakhala pansi osafuna. Chitinicho ndinakachitaya kudzala, mwana n'kutsala akulira kuti agogo ndi ankhanza.

Fungo limenelo ndi la hotela imene ndinkachapako nsalu ndili mayi wa ana awiri, wamkulu mtsikana, wamng'ono mnyamata. Dzina loti hotelalo linali longokometsera. Inali nyumba yaitali ya malata m'mbali mwa msewu wopita ku Limbuli, kanjira kamodzi m'kati, zipinda uku ndi uku, khitchini chakumaso pafupi ndi modyera, ndi khomo lina kuseri kumene ndinkayanika zochapa. Mawindo onse anali ndi zitsulo zotchinga akuba. Munkagona oyendetsa malole a tiyi, ogula nthochi ndi nyemba, ndiponso anthu ochokera kutsidya kwa malire, poti zaka zimenezo kwawo kunali nkhondo. Mwini wake anali tcheyamani wa chipani m'dera lathu. Dzina lake sindilitchula. Anamwalira kalekale, koma lilime langa linazolowera kulilambalala.

Mwamuna wanga ankasenza matabwa a mkungudza kuchokera kuphiri la Chambe. Ankatha masiku ali kuphiri, n'kubwera khosi litauma, pamutu pali dazi la nkhata, thupi lonse likununkhira mtengo. Chilimwe chikafika a zankhalango ankamulemba ganyu yozimitsa moto wolusa, ndipo ntchitoyo inamulowa m'magazi. Akangoona utsi, ngakhale wa munthu amene akuotcha mapesi m'munda mwake, ankasiya chakudya n'kuimirira. Ndinkamunena kuti anakwatira moto, ine ndine mkazi wachiwiri. Iye ankangoseka, n'kunena kuti kuphiri munthu safunsa kuti moto wayatsa ndani, amathyola nthambi n'kuthamanga. Matabwa a chitseko cha kuseri kwa hotela anasankha ndi iye, ndipo ankanyadira nacho. Akabwera kudzanditenga ankachimenya ndi chikhatho, ati ichi ngakhale njovu singathyole.

Tsiku la msonkhano wa chipani zonse zinkaima. Msika unkatsekedwa, masitolo ankatsekedwa, ana a sukulu ankafola pamzere, ndipo achinyamata a malaya ofiira ankayenda khomo ndi khomo kukusa anthu. Tsono tcheyamani wathuyu ankaopa manyazi oti m'hotela mwake momwe mupezeke munthu wojomba msonkhano. Alendo amene sakanatha kupita, kaya ndi odwala kaya opanda khadi la chipani, ankawauza kuti akhale chete m'zipinda, iye n'kukhoma makomo onse awiri chakunja. Kumaso ankaika loko. Kuseri ankakoleka unyolo m'zigwiriro ziwiri zachitsulo n'kumangapo loko wina wamkulu. Makiyi ankaponya m'thumba la jekete. Achinyamata akafika ankaona maloko n'kupitirira, onse n'kukhutira kuti kwa tcheyamani kulibe wotsala.

Tsikulo linali la m'mwezi wotentha uja, mitengo ya mango itayamba kugwetsa tiana. Wophika wa pahotelapo, bambo wofatsa wa ku Milonde, anali atateleka chitini cha makandulo ndi palafini pambaula kuti apukutire modyera, poti akuluakulu a msonkhano akanadzadyera pamenepo. Achinyamata anafika mofulumira kuposa masiku onse. Wophikayo anati adikire aphule chitini, koma wina anamukankha pamsana, ati kodi makandulo aposa chipani? Tcheyamani naye anali pachangu, tayi ili m'manja. Ndinamuuza ndikupinda mawondo kuti m'chipinda china muli mayi wa kutsidya ndi mwana wodwala, ndipo chakumapeto muli madala ogula nyemba amene agona ndi malungo.

"Nanga ndikukhomeranji?" anatero. "Tiyeni, mayi, mangani nsalu ya chipani muzipita."

Msonkhano unali pabwalo la sukulu, chapafupi ndithu, poti denga la hotela linkaoneka pamwamba pa nthochi. Amayi tinavina, fumbi linatilowa m'mano, kenaka tinakhala pansi kutsogolo, abambo kumbuyo kwathu. Mwamuna wanga anali atatsika kuphiri dzulo lake, ndipo anakhala chakumapeto penipeni. Dzuwa lili paliwombo, tcheyamani anaimirira kuti alankhule.

Utsi unayamba ngati ulusi. Posakhalitsa unada bii, n'kumatuluka m'munsi mwa malata. Ndikunena zoona, tonse tinauona. Mayi amene anakhala pambali panga ananditsina pantchafu, maso ake ali kutsogolo. Koma kuimirira mkulu wa chipani akulankhula unali mlandu woti munthu ankapita nawo osabwerako, ndipo tonse tinkadziwa nyumba za anthu amene anapita choncho. Bwalo lonse linakhala duu, anthu mazanamazana, kuyang'ana pakamwa pa munthu mmodzi, utsi tikuuonera m'mbali mwa diso. Tcheyamaniyo anali ataufulatira. Amene anakhala naye pamipando ankauona, koma panalibe wolimba mtima womukoka jekete. Ine ndinkangopempha chinthu chimodzi, choti mwamuna wanga asatembenuke.

Ndinamva wachinyamata akukuwa kumbuyo kuti, "Khala pansi, iwe!" Sindinafunikire kucheuka kuti ndidziwe amene waimirira.

Mmene ndinadzukira ine sindikumbuka. Ndimangokumbuka nsalu ikundikola m'miyendo, ndi mapazi a anthu ena ochepa akuthamanga pambuyo panga, wophika uja ali m'gulumo. Pofika, tinapeza chitseko cha kumaso chili pansi. Chinali cha timatabwa topepuka, ndipo mwamuna wanga anachigumula ndi mwala wa pakhonde. Anatuluka mu utsi atanyamula mwana paphewa, dzanja lina akukoka mayi wa kutsidya uja, nsalu yake ya kapulana ikufuka. Anamutula mwanayo m'manja mwanga.

"Muli winanso?"

Ndikanatha kunama, koma wophika anali atayankha kale kuti madala ali chipinda chomaliza. Mwamuna wanga anaviika malaya mumgolo wa madzi a mvula, anakulunga kumaso, n'kulowanso. Atangolowa, siling'i ya pakhitchini inagwa n'kutseka kanjira konse ka kumaso. Moto unatulukira pakhomo mpaka tinabwerera chambuyo.

Ndinadziwa kumene apite. Ndinamubwezera mayi uja mwana wake n'kuthamangira kuseri, pansi pa zingwe zanga zoyanikira. Chitseko chinali chikugwedezeka, unyolo ukulira.

"Amake mwana! Muli pamenepo?"

"Ndili pano, abambo."

"Tsegulani. Madala ndili nawo pano."

"N'chokhoma, abambo. Pali unyolo."

Kenaka anati, ndi mawu ake a masiku onse, ngati akufunsa mchere, "Makiyi ali ndi ndani?"

Wophika anali atathamanga kale kubwerera kubwalo. Abambo amene analipo anatola miyala n'kuyamba kuphwanya loko. Wina anabwera ndi khasu, mpini unathyoka. Wina anayesa zitsulo za pawindo la pafupi, koma zinali zomangidwira m'khoma. Nkhwangwa ikanathandiza, koma nyumba zonse zapafupi zinali zokhoma, eni ake ali kumsonkhano. Chitsekocho chinali chimene iye ankanena. Miyala inkangosiya timabala pamatabwa.

Ndinagona chafufumimba n'kuika pakamwa pampata wa m'munsi mwa chitseko. Utsi unkatulukira pomwepo, wonunkha makandulo. Zala zake zinatulukira pampatapo ndipo ndinazigwira. Ndinamuuza kuti makiyi akubwera. Ndinamuuza kambirimbiri. Ankatsokomola, n'kumandiuza kuti ndisunthe, chitseko chikayaka chindigwera, poti mkungudza uli ndi mafuta. Mpaka pamenepo anali akundiphunzitsabe za moto. Kenaka anasiya kulankhula, n'kumangogogoda ndi dzanja linalo, pang'onopang'ono. Anthu anandikoka miyendo pamene tsitsi langa linayamba kununkha.

Wophika anandiuza pambuyo pake kuti atafika kubwalo, achinyamata anamugwira asanayandikire kumipando. Anawalozera utsi, iwo anati adikire bwana amalize. Anadikira atagwidwa mikono, mpaka anthu anaomba m'manja. Makiyi anafika denga litagwa kale.

Madzulo asanafike, mitembo iwiri ili pansi pa mtengo itafunditsidwa nsalu zimene ndinachapa m'mawa, ndinaona wachinyamata wina akutola unyolo paphulusa, ataugwira ndi chiguduli poti unali ukutenthabe. Anauponya m'galimoto ya tcheyamani. Apolisi atafika anapeza khomo lopanda unyolo, ndipo panalibe amene anawauza kuti unalipo. Anatenga wophika, ati ndiye anasiya moto. Za mwamuna wanga anati palibe anamutuma, analowa yekha.

Kutacha, nkhani inali itamera miyendo. Ankati munthu wanzeru zake sangalowe m'moto kawiri chifukwa cha mlendo wosamudziwa. Ankati kachiwiriko anabwerera wailesi ndi zikwama za alendo, ndipo anathawa pamsonkhano dala poona kuti anthu onse ali kubwalo. Amene anayambitsa ndikumudziwa, koma amene ankafalitsa anali anthu wamba, anzathu otunga nawo madzi. Sindiwada kwambiri. Munthu amene anakhala pansi akuona utsi amagona bwino akamva kuti amene anaimirira uja anali wakuba. Koma ana anga akanakula ndi dzina limenelo, ndipo kwathu kuno mwana wa mbava sakwatiwa bwino, salembedwa ntchito kuesiteti, chikasowa chinthu m'kalasi amayamba kusechedwa ndi iye.

Maliro anakachitikira kwawo kwa mwamuna wanga, kufupi ndi Milonde. Tcheyamani anatumiza bokosi ndi thumba la ufa. Bokosilo linali la paini wosapala bwino, munthu amene moyo wake wonse anasenza mkungudza. Amene anabweretsa anaitanira pambali atsibweni ake a malemu, amene ankayenera kufotokozera anthu za imfayo, ndipo anayankhula nawo nthawi yaitali kuseri kwa nkhokwe. Pobwera, nkhope ya atsibweniwo inali yotuwa.

Alamu anga ena, amene anagwirapo ntchito ya umesenjala kukhoti, analowa m'nyumba ya siwa n'kugwada pafupi nane ngati akupepesa. Anandinong'oneza kuti mwa lamulo, munthu amene watsekera anzake m'nyumba n'kusiyamo moto amayankha mlandu wa onse, ndi wobwera kudzapulumutsa yemwe, chifukwa aliyense amadziwa kuti pakabuka moto wina adzathamangirako. Mawu oti palibe anamutuma, anati, pamaso pa woweruza weniweni sangaime. Ndinawafunsa kuti tsono tipite liti. Anayang'ana kukhomo.

"Alamu, khoti lake liti? Mboni yake ndani? Inu lerani ana."

Pamwambo wathu mkazi wamasiye salankhula pamaliro. Amakhala m'nyumba pafupi ndi bokosi, mutu wofunda, amayi atamuzinga. Zolankhula ndi za amuna, panja. Ndinamva amunawo m'bwalo akulandira tcheyamani, akumupatsa mpando wa ndalema, achinyamata ake ataima kumbuyo kwake. Kenaka atsibweni anayamba. Anathokoza bwana chifukwa cha bokosi. Anathokoza chifukwa cha ufa. Anati ngozi siona nkhope. Pomaliza anati, "Mwana wathuyu analowa yekha. Chimene ankafuna m'menemo akudziwa ndi Mulungu."

Apongozi anga aakazi anaweramitsa mutu mpaka pamaondo. Ine mantha amene ndinali nawo kuyambira kubwalo kuja sanachoke ayi, koma pamwamba pake panakwera ukali waukulu. Mwana wanga wamkazi anali pakhomo, ndipo anamva zonse.

Pali nthawi imodzi yokha imene mkazi wamasiye amamveka. Bokosi likamatuluka m'nyumba amalira mokweza, ndipo kulira kwathu kumakhala ndi mawu. Ambiri amati mwandisiyira ndani ana, ndidzalima ndi yani. Amayi ena amayankha, kubwereza mawu omwewo, kuti mnzawo asalire yekha. Palibe mwamuna amene amaletsa zimenezo, ngakhale mfumu, ngakhale mbusa. Sindinakonzekere. Anyamata atanyamula bokosi, amayi awiri atandigwira m'khwapa kunditulutsa padzuwa, ndinatsegula pakamwa ndipo zinatuluka zokha.

"Abambo ine, munagogoda ine! Unyolo uli kunja, makiyi ali m'thumba! Munatulutsa mwana wa eni, munabwerera madala! Munagogoda, abambo, makiyi ali m'thumba!"

Amene anandigwira kumanja anandifinya mkono kuti ndisiye. Sindinasiye. Ndinabwerezanso, mokweza kuposa poyamba. Kwa kanthawi ndinalira ndekha, ndipo sindinamvepo kusungulumwa kotero, mawu anga okha m'bwalo lodzaza anthu. Ndinkaona nsapato zakuda za tcheyamani, ndi malaya ofiira kumbuyo kwake.

Woyamba kuyankha anali mayi wa kutsidya uja. Sindinkadziwa n'komwe kuti wabwera. Munthu wopanda khadi, wopanda kwawo, amene akanatha kumuponya pa lole tsiku lomwelo. Anaimirira pakati pa amayi, mwana ali kumsana, n'kulira m'Chichewa chake chosakaniza ndi Chilomwe kuti mwana uyu ndi amene anatulutsidwa, unyolo uli kunja. Kenaka apongozi anga anadzutsa mutu n'kulandira. Kenaka amayi onse, ngakhale amene dzulo lake ankanena za wailesi kuchitsime. Mwambo unkawalola kunena kuti ankangothandiza mnzawo kulira. Tinayenda nawo mawuwo mpaka kumanda, azibambo ali chete, maso pansi. Wachinyamata wina anasuntha ngati abwere kwa ine, koma mayi ake omubereka anali m'gulu lolira, ndipo anabwerera pamalo pake. Tcheyamani sanafike kumanda. Tinamva galimoto yake ikulira tili m'njira.

Masiku otsatira ndi amene sindifuna kuwakumbuka. Ana ndinakawasiya kwa mkulu wanga. Galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro pamsewu, ndinkati abwera kudzanditenga. Ndinkalima nditavala nsalu ziwiri, kuti akanditenga ndikakhale ndi chofunda. Anzanga ankandilonjera chapatali, osaima. Wophika uja anali asanabwerebe, ndipo mkazi wake ankangoyenda ku polisi ndi kambale ka chakudya n'kubwera nako.

Anabwera ndili m'munda wa chinangwa, achinyamata atatu. Sanandimenye. Ananditengera ku ofesi ya chipani, kumene ndinapeza tcheyamani ndi akuluakulu ena, ndi amayi a chipani atakhala pamkeka. Anandiuza kuti ndigwade, ndinagwada. Tcheyamani analankhula mofatsa, ngati bambo wachifundo. Anati ena amafuna kuti mayiyu apite kumene amapita onyoza, koma iye wawauza kuti chisoni chimasokoneza mutu. Mayiyu mutu wake sukuyenda bwino, anatero, ndipo zonena wamisala munthu sazitengera kumtima.

"Si choncho, mayi?"

Ndinaganiza za ana anga ali kwa mkulu wanga, amene anali ndi ake asanu.

"Ndi choncho, bwana."

"Mwamva nonse. Pitani, mayi, mukapume."

Ndinatuluka ndili wamisala wa boma, wovomerezeka. Dzinalo ndinakhala nalo zaka zambiri. Palibe amene anandipatsanso nsalu zoti ndichape, ndipo ndikalankhula pagulu la amayi kutchalitchi ena ankatsinana. Mlandu sunapite kukhoti kulikonse. Wophika anabwera patapita miyezi, atawonda, osafuna kuyankhula ndi munthu. Achibale a madala ogula nyemba aja anauzidwa kuti inali ngozi. Hotela anaimanganso, yokongola kuposa kale, ndipo ndinamva kuti tsiku la msonkhano ankakhomabe. Ndinkaganiza kuti ndinangodzivula ulemu pachabe, ndipo mwamuna wanga adzakhalabe wakuba m'kamwa mwa anthu.

Mvula itagwa n'kusiya, tsiku lina masana ndinkachokera kuchigayo, thumba lili pamutu. Pafupi ndi chitsime atsikana ankasewera fulaye, ena atakhala pambali akuomba m'manja kudikira nthawi yawo. Ndinamva nyimbo yawo ndisanawaone. Inali yothamanga, yosangalala, ya ana, koma mawu ake ndinawadziwa. Unyolo uli kunja, makiyi ali m'thumba. Anatulutsa mwana, anabwerera madala. Wotsogolera nyimboyo anali mwana wanga.

Thumba ndinaliponya pansi, ufa n'kumwazika. Ndinathamanga n'kumutseka pakamwa ndi dzanja, mwamphamvu moti mano ake anandilasa m'chikhatho. Ana onse anaima, mpira uli m'manja mwa wina. Ndinayang'ana kumsewu, kumtunda ndi kumunsi. Ndinayang'ana kuseri kwa nthochi. Kunalibe malaya ofiira, kunali mbuzi yokha ikudya makoko. Mwana wanga ankandiyang'ana pamwamba pa zala zanga, osalira.

Nditachotsa dzanja anati, "Amayi, kusukulu onse amaidziwa. Amati bambo anga ndi aja anagogoda."

Ndinamufunsa ngati pali amene amanena za wailesi. Anandifunsa kuti wailesi yanji.

Ndinagwada n'kuyamba kuwola ufa umene ukanatheka kuwoleka, ana atandizinga, akudikira kuti wamisala uja awakalipira. Nditasenza thumba ndinayang'ananso kumsewu, kenaka ndinawauza kuti apitirize masewera awo, koma aziimba chapansipansi.